Ndalama zimene amakudulani pa malipiro, kodi zalembedwa pa dzina lanu?

Awerengi, lero tikukamba za kalata imene ambiri a inu simunaionepo ndi maso, ngakhale kuti dzina lanu liyenera kukhalamo mwezi uliwonse. Pa Chipwitikizi amaitcha declaração de remunerações, ndipo achikulire amene anagwirapo ntchito m'maofesi amaikumbukira ndi dzina loti folha de remunerações. Ndi ndandanda imene wolemba ntchito amatumiza ku Instituto Nacional de Segurança Social, INSS, yonena kuti mwezi uno amene andigwirira ntchito ndi awa ndi awa, masiku akutiakuti, ndipo aliyense ndamulipira zakutizakuti. Penshoni yanu imachokera m'ndandanda imeneyi. INSS kunalibe pamene munkachezera pageti usiku wonse ndi chibonga m'manja, kapena pamene munkasenza matumba a simenti dzuwa likuswa mtengo. Chimene imadziwa ndi chimene abwana anu analemba, basi.

Ntchito yanga ndi yosula aphunzitsi a akuluakulu, a alfabetização, amene anzathu a kutsidya kwa nyanja amati a sukulu za kwacha. Pa ulendo wina woyendera makalasi m'boma la Lago ndinafika ku Nkholongue, kumwera kwa Metangula, tsiku limene mwera unakaniza mabwato kulowa m'madzi, kotero anthu anabwera ambiri kuposa masiku onse. Titaweruka, bambo ena achikulire anatsalira. Anatulutsa chitini cha mkaka. M'chitinimo munali jumbo, ndipo m'jumbomo munali timapepala tofiirira topindidwa bwinobwino. Anati: "Aphunzitsi, ine sukuluyi ndaiyamba mochedwa. Tandiwerengerani izi, mundiuze ngati mutu wanga wasokonekera." Anali malisiti a malipiro. Bambowo anagwira ntchito ya ulonda ku Lichinga zaka 21 pa kampani imodzi, ndipo pa lisiti lililonse panali mzere wolembedwa INSS ndi ndalama zimene anadulidwa. Atakwanitsa zaka 60 anapita kukapempha penshoni, koma kompyuta inaonetsa miyezi 103 yokha. Zaka 21 ndi miyezi 252.

Mutu wawo unali bwinobwino. Ndibwereranso kwa iwo, koma poyamba timvetsetse mmene zinthuzi ziyenera kuyendera.

INSS inakhazikitsidwa mu 1988, ndipo lamulo loyamba la chitetezo cha anthu apantchito, Lei 5/89, linatuluka mu Seputembala 1989. Lero maziko ake ndi Lei 4/2007, ndipo tsatanetsatane wake ali mu Regulamento da Segurança Social Obrigatória, imene inavomerezedwa ndi Decreto 51/2017. Liwu loti obrigatória mulimvetse bwino: ndi lamulo lokakamiza. Si chifundo cha abwana, si mphatso ya pa Khirisimasi kapena pa Idi, ndiponso si nkhani yoti inu ndi abwana mungagwirizane kuseri kuti muisiye. Mwezi uliwonse ku INSS kuyenera kupita 7% ya malipiro anu. Mwa imeneyi, 3% imadulidwa kwa inu, ndipo 4% abwana amatulutsa m'thumba mwawo. Ngati mumalandira 10.000 meticais, inu mudulidwe 300, iwo awonjezere 400, zonse pamodzi 700. Wolemba ntchito amene akukudulani 700 yense akukulipiritsani ngongole yake. Ndipo malipiro amene akuwerengedwa si salário base yokha. Ndalama zimene mumalandira mokhazikika pamwamba pake, monga za ntchito ya usiku kapena za kukhalitsa pantchito, nazonso ziyenera kulowa m'chiwerengerocho.

Ulendo wa dzina lanu umayamba chonchi. Munthu akatsegula bizinesi yolemba ena ntchito, ali ndi masiku 15 oti akalembetse ku INSS, ndipo amapatsidwa nambala yake monga contribuinte. Akakulembani inu ntchito, ali ndi masiku 30 oti akulembetseni, ndipo inu mumapatsidwa nambala yanu monga beneficiário. Nambala imeneyi ndi ya moyo wanu wonse. Mukachoka pa chigayo ku Metangula n'kukayamba ntchito pa kampani yomanga misewu ku Cuamba, kapena pa sitolo ku Nampula, simutenga nambala ina. Mumapereka yomweyo kwa abwana atsopanowo. Kale ndandanda ya malipiro inkalembedwa pa mapepala n'kukaperekedwa pamanja ku ofesi. Tsopano imalowetsedwa pa kompyuta kudzera m'dongosolo lotchedwa SISSMO, Sistema de Informação da Segurança Social de Moçambique. Nthawi yake ndi kuyambira pa 20 mwezi umene mwagwirawo mpaka pa 10 mwezi wotsatira. Akalowetsa mayina ndi malipiro, kompyuta imatulutsa guia, kalata yonena ndalama zonse zoyenera kulipidwa, ndipo abwana amakalipira ku banki.

Apa pali masitepe awiri, ndipo anthu ambiri amawasokoneza. Kulemba ndandanda ndi china, kulipira ndi china. Abwana atha kulemba dzina lanu koma osakalipira guia ija. Athanso kulipira guia imene dzina lanu mulibe. Ndiye akakuonetsani lisiti la ku banki lodindidwa bwino n'kunena kuti "taonani, talipira," funso lanu likhale lakuti: m'ndandanda ya lisiti limeneli, ine ndilimo? Ndalembedwa ndi ndalama zingati?

Chifukwa chake n'chakuti INSS imawerenga miyezi, siwerenga thukuta. Kuti mulandire penshoni ya ukalamba muyenera kukhala ndi zaka 55 ngati ndinu mayi kapena 60 ngati ndinu bambo, komanso miyezi 240 imene ndalama zinalowa pa nambala yanu. Zimenezo ndi zaka 20 zathunthu, ngakhale zisakhale zotsatizana. Amene wafikitsa miyezi 420, zaka 35, atha kupuma osadikira msinkhu. Amene wafika msinkhu koma miyezi yake yaperewera, ngati ali ndi miyezi yosachepera 120 atha kupempha pensão reduzida, imene ndi theka chabe. Mukuona tsopano chifukwa chake nambala ya 103 inawasowetsa tulo bambo aja. Inali pansi ngakhale pa 120.

Kukula kwa penshoni nako kumachokera m'ndandanda yomweyo. Amatenga malipiro a miyezi 60 yomaliza imene inalembedwa n'kupeza malipiro apakatikati a pamwezi. Kenako amachulukitsa ndi miyezi yonse imene munasonkha n'kugawa ndi 420. Tiyeni tiyese ndi chitsanzo, monga timachitira pa bolodi. Munthu wasonkha miyezi 300, ndipo m'zaka zisanu zomaliza amalandira 15.000 meticais. Penshoni yake idzakhala 10.714 meticais pamwezi. Tsono tiyerekeze kuti abwana ankamupatsadi 15.000 m'manja koma ku INSS ankalemba 9.000, kuti 4% yawo ichepe. Penshoni yomweyo itsika kufika pa 6.429. Kusiyana kwake ndi 4.285 meticais mwezi uliwonse, mpaka tsiku limene adzamwalire, ndipo zimene adzalandire mkazi wake wamasiye zidzatsikanso chimodzimodzi. Abwanawo pa 4% yawo ankapulumutsa 240 meticais yokha pamwezi. Ndinawerengetsa kawiri poganiza kuti ndalakwitsa, koma ndi momwemo.

Chinyengo chimenechi chimabwera chitavala nkhope ya ubwenzi. "Achimwene, tikalemba zonse akudulani zambiri. Tilembe zochepa kuti mupite kunyumba ndi kenakake." Pa chitsanzo chathuchi, kenakakeko ndi 180 meticais pamwezi, ndalama yosakwana ngakhale ndowa ya usipa. Munthu wa zaka 30 amavomera mosavuta, poti ukalamba amauonera patali ngati mapiri a kutsidya. Koma amene ali ndi zaka 50 kapena 55 adziwe kuti miyezi imene akugwira panopa ndi yomwe idzalowe m'miyezi 60 ija. Ino si nthawi yogwirizana ndi munthu kuti alembe zabodza.

Njira ina ndi yongokusiyani osakulembetsani n'komwe. Amati inu ndinu waganyu, kapena mukadali poyesedwa, kapena ntchitoyi ndi ya nyengo chabe. Lamulo linaziona kale zimenezi. Amene ali pa período probatório, amene amagwira maola ochepa, ndi amene amalembedwa pa nyengo yokha, onse ali m'gulu loyenera kulembetsedwa. M'midzi ya m'mbali mwa nyanja ntchito zambiri zolipidwa pamwezi zimabwera ndi makontalakitala: kumanga kalasi, kukonza mlatho, kulambula msewu, kuimika mapolo a magetsi. Zimatha miyezi isanu, isanu ndi itatu, n'kupita. Mnyamata amati miyezi isanu ndi chiyani. Koma isanu apa, isanu ndi itatu apo, chaka chimodzi ku Lichinga, pa moyo wa munthu zimaunjikana, ndipo tsiku lina ndi zomwe zidzasiyanitse 115 ndi 120. Kontalakitala akamaliza ntchito n'kupakira makasu ake pa lole, kumupezanso n'kovuta. Funsani za nambala yanu sabata yoyamba, osati tsiku lotsanzikana.

Njira yoipitsitsa ndi yokudulani 3% ija n'kuisunga. Pamenepa Lei 4/2007 silankhula mozungulira: wolemba ntchito amene wadula ndalama pa malipiro a antchito n'kulephera kuzipereka ku INSS wapalamula mlandu wa abuso de confiança, kudya chinthu chimene unasungitsidwa. Ndalamazo zinasiya kukhala zake pamene anazilemba pa lisiti lanu. Ndamvapo ena akudandaula kuti bizinesi inavuta, anangobwereka pang'ono kuti agulire dizilo. Kubwereka kumafuna kupempha mwini wake, ndipo sindinamvepo mlonda amene anapemphedwa.

Palinso vuto lina limene silichokera ku umbombo koma ku cholembera, ndipo ili ndi limene limandikhudza kwambiri monga mphunzitsi. Mayina athu ali ndi malembedwe awiri. Ife timati Kobwe, mapu amati Cóbuè. Timati Msumba, pa chikwangwani pali Messumba. Mtengula anasanduka Metangula, ndipo ngakhale Nkholongue amene ndikunenayu ena amamulemba Nkholongwe. Zomwezo zimachitika ndi mayina a anthu. Yusufu amalembedwa Iussufo kapena Jussufo. Saidi amakhala Saíde. Mwanaisha amatuluka Muanaicha. Pamene pali w kalaliki amaika u, pamene pali ny amaika nh, pamene pali k amaika c kapena qu. Munthu ukamuitana ndi lililonse mwa mayinawa amavomera, koma kompyuta imaona anthu awiri. Onjezerani kuti ambiri a m'mbali mwa nyanja anathawira ku Likoma, ku Nkhotakota kapena ku Tanzania pa nkhondo yomenyera ufulu, ndiponso pa nkhondo imene inatha mu 1992. Ena anaphunzira sukulu kumeneko, mayina awo n'kulembedwa mwa kumeneko. Ambiri analembetsa kubadwa kwawo ali akuluakulu kale, chaka chobadwa chikuchita kuyerekezedwa poyang'ana nkhope kapena pofunsa kuti nkhondo itayamba munali wamkulu bwanji. Munthu mmodzi amapezeka ndi cédula yonena china, BI yonena china, ndi khadi la kuntchito lonena chinanso. Pamene msinkhu wa 55 kapena 60 ukuwerengedwa kuchokera pa chiphaso, chaka chimodzi cholakwika ndi miyezi 12 ya penshoni.

Izi ndi zina mwa zimene zinawachitikira bambo a chitini aja. Titayala malisiti pa mkeka motsatira zaka, mdzukulu wawo, mtsikana wa sekondale, ndiye anaona kuti pakati pa ulendo dzina la agogo ake linasintha chilembo chimodzi, ndipo nambala ya pakona nayo inasintha. Kampaniyo itasintha kalaliki, watsopanoyo sanafunse ngati mlondayo anali ndi nambala kale. Anangomva dzina, n'kulilemba mmene linamvekera m'khutu mwake, n'kuwalembetsa ngati munthu watsopano. Pa nambala yachiwiriyo panapezeka miyezi 40. Ataiphatikiza ndi 103 ija inakwana 143, ndipo khomo la penshoni ya theka linatseguka. Koma miyezi 109 yotsala sinapezeke pa nambala iliyonse. Anadulidwa, malisiti akuchitira umboni, koma ndandanda sinatumizidwe ndipo ndalama sizinalipidwe. Kampaniyo inasintha dzina ndi eni ake. Nkhaniyo ili m'manja mwa oyendera ntchito, ndipo chimene chaiimika ndi timapepala tija, timene anatiteteza ku chiswe ndi kudontha kwa denga zaka zonsezi asakudziwa n'komwe kutiwerenga.

Musaganize kuti nkhaniyi ndi ya nkhalamba zokha. Ndandanda yomweyo ndi imene imatsegula thandizo la pamene mwadwala n'kulephera kugwira ntchito, la amayi pa uchembere, la amene walumala, la maliro, ndi penshoni ya amasiye, imene imafuna kuti womwalirayo akhale atasonkha miyezi yosachepera 60. Ena mwa mathandizowa amayang'ana miyezi yaposachedwa, kotero abwana akangodumphitsa miyezi ingapo chaka chino, mayi woyembekezera atha kubwezedwa pa ofesi ngakhale wagwira ntchito zaka zambiri. Ndipo polembetsa pamafunika kutchula a pabanja panu. Mwana akabadwa, kam'lembetseni ku Registo Civil, kenako mukaonjezere dzina lake ku INSS. Pa maliro si pamalo poyambira kusakasaka zikalata.

Ndikudziwa zimene ena mukunena pamene mukuwerenga izi, poti ndimazimva m'makalasi. Mukuti ndalama za INSS zimadyedwa ku Maputo, bola munthu alandire zake zonse agule mbuzi. Mawu amenewa sanangochoka m'mutu. Nkhani za kasamalidwe koipa ka chuma cha INSS zamvekapo m'manyuzipepala, zina mpaka zinafika kukhoti, ndipo m'madera muno mukadali anthu amene makolo awo anapita ku migodi ya ku Joni n'kubwerako ndi chifuwa, ndalama zimene analonjezedwa osaziona. Kukayika kwanu kuli ndi mizu. Koma taganizani: ngati abwana akudulani 3% n'kuisunga, ndani wapindula ndi kukayika kwanuko? Mbuzi simunagule, ndipo ku INSS kulibe kanthu. Komanso akakusiyani osakulembetsani, 4% yawo ija sakupatsani m'manja. Imangotsala m'thumba mwawo. Bungwe loyendetsa INSS lili ndi nthumwi za boma, za olemba ntchito ndi za antchito, ndipo mabungwe a antchito monga OTM-Central Sindical ndi CONSILMO alipo kuti azifunsa mafunso ovuta m'malo mwanu. Amene ali ndi nambala ndi miyezi yolembedwa ali ndi pomwe angaimire akamafunsa kuti ndalama zathu zikusungidwa bwanji.

Kwa inu olemba ntchito ang'onoang'ono, eni zigayo, eni masitolo, eni malo ogona alendo, eni magalimoto onyamula anthu pakati pa Metangula ndi Lichinga, sindikukuyesani akuba nonse. Ambiri simunaphunzitsidwepo kugwiritsa ntchito SISSMO. Magetsi amazima, netiweki imathawa, ndipo wodziwa za maakaunti ali kutauni ndipo amafuna kulipidwa. Zonsezi n'zoona. Koma kuyambira pa 20 mpaka pa 10 ndi masabata atatu, ndipo m'masabata atatu munthu amapita ku Lichinga kukapikula katundu kapena amapeza pamene netiweki ikugwira. Mukachedwa, ngongoleyo imabala chiwongoladzanja cha 2% mwezi uliwonse, kuwonjezera pa chindapusa. Ndiponso tsiku limene mudzafune kupikisana nawo pa ntchito ya boma, monga kuperekera matabwa kapena kumanga chimbudzi cha sukulu, adzakufunsani certidão de quitação ya INSS, kalata yotsimikiza kuti mulibe ngongole. Ngati mwapatsa wachibale kapena kalaliki ntchito yolowetsa ndandanda, muziyang'ana nokha guia ndi lisiti la banki. Mlandu ukadzabuka sudzafunsa kalaliki, udzafunsa dzina limene lili pa nambala ya contribuinte. Ndipo polemba munthu watsopano, funso loyamba likhale lakuti kodi muli ndi nambala kale, ndipo dzina likoperedwe kuchokera pa BI chilembo ndi chilembo, osati kuchokera pakamwa.

Tsono inu wantchito muchite chiyani? Choyamba dziwani nambala yanu. Ilembeni m'malo awiri, pena pakhale kunyumba kwa munthu amene mumamukhulupirira. Ngati abwana sanakulembetseni, lamulo limakulolani kupita nokha ku INSS ndi chiphaso chanu ndi umboni woti mukugwira ntchito. Kenako zolowerani kuyang'ana. INSS ili ndi njira yotchedwa M-Contribuição, imene munthu amaonera pa foni ya intaneti kapena pa kompyuta miyezi imene ndalama zalowa ndi malipiro amene analembedwa. Ngati foni yanu ndi ya mabatani, kapena maso sakuonanso tizilembo, pemphani mwana kapena mphunzitsi akuthandizeni, kapena mukafika ku ofesi ya INSS pemphani extracto, pepala loonetsa miyezi yanu yonse. Musadikire zaka 60. Kawiri pachaka n'kokwanira: mwina pamene mvula ikuyamba ndi pamene mwera wayamba kuomba, kuti musaiwale. Yerekezani zimene zili pa extracto ndi zimene zili pa malisiti anu. Ngati kuntchito kwanu sapereka malisiti, apempheni, ndipo pakadali pano muzilemba m'kope tsiku ndi ndalama zimene mwalandira.

Mukapeza mpata pa miyezi yanu, yambani mwafunsa mwaulemu kuntchito komweko, poti nthawi zina ndi kulakwitsa kokonzeka. Akakuzembani, pitani ku INSS kapena ku Inspecção-Geral do Trabalho mutanyamula makope a malisiti. Enieniwo asachoke m'manja mwanu. Ndikudziwa mantha amene alipo. Kuno ntchito ya pamwezi ndi yosowa, ndipo amene wafunsa funso amaoneka ngati wamwano, pomwe pageti pali anyamata khumi akudikira malo ake. Sindikuuzani kuti manthawo ndi opanda pake. Chimene ndaona n'chakuti anthu akapita asanu kapena khumi limodzi, kapena kudzera ku komiti ya sindicato, zimavuta kuloza chala mmodzi. Komanso kuyang'ana miyezi yanu pa foni kapena kupempha extracto sikufuna chilolezo cha abwana.

Ambiri a ku Nkholongue, Meluluca, Chuanga kapena Ngoo alibe abwana. Ndi asodzi, alimi a chinangwa, amayi oyanika ndi kugulitsa usipa, akalipentala, osoka zovala. Kwa iwo palibe amene angatumize ndandanda, koma khomo lilipo. Kuyambira pa Decreto 14/2015, wodzilemba yekha ntchito, trabalhador por conta própria, amasonkha 7% yonse yekha pa ndalama zimene wanena kuti amapeza, zosatsika pa malipiro ochepetsetsa a gawo la ntchito yake. Atha kulipira pa foni, monga pa M-Pesa, ndipo atha kulipiriratu miyezi yakutsogolo mpaka 12. Kwa msodzi zimenezi n'zofunika, poti nyanja sipereka mofanana: mwezi umene usipa wagwidwa wambiri ndi umene ungalipirire miyezi ya mwera. Sindinena kuti n'zophweka kwa banja limene likuvutika kupeza sopo. Koma amene anagwirapo ntchito yolembedwa n'kusiya, ali ndi miyezi 80 kapena 100 imene yangokhala, aganizirepo bwino. Amene anasonkhapo miyezi yosachepera 12 atha kupempha manutenção voluntária, kupitiriza kusonkha yekha pa nambala yomwe ija, kuti miyezi yakaleyo isapite pachabe.

Anzanga aphunzitsi, anamwino ndi ena a m'boma, ife njira yathu ndi ina. Penshoni ya antchito a boma imayendetsedwa ndi Instituto Nacional de Previdência Social, INPS, ndipo chimene chimatisautsa ife ndi contagem de tempo, kuwerenga zaka za utumiki. Koma nthenda yake ndi yomweyo: zaka zimene munagwira musanakhazikitsidwe, kapena pa sukulu yakutali imene mabuku ake ananyowa, zimasowa ngati simunasunge zikalata. Amene anayamba pa kampani kenako n'kulowa m'boma asataye nambala yake ya INSS, poti malamulo amalola kuti nthawi ya mbali ziwirizi iphatikizidwe. Ndipo amene munagwira ntchito ku Malawi, dziwani kuti kumeneko lamulo la penshoni limati wolemba ntchito azipereka 10% ndipo wantchito 5%, koma ndalamazo zimapita ku mathumba a penshoni a komweko. Sizidzatulukira zokha pa kompyuta ya ku Lichinga. Sungani dzina la thumbalo ndi nambala yanu ya umembala.

Kwa akuluakulu a INSS m'chigawo cha Niassa tili ndi pempho. Zonse zimene ndafotokozazi zimalembedwa m'Chipwitikizi cha maofesi, pomwe mlonda, wophika ndi wonyamula katundu wa ku Lago amaganiza ndi kuwerengetsa m'Chinyanja kapena m'Chiyao. Wailesi imamveka m'midzi yonseyi m'zilankhulo zathu. Mphindi khumi pa sabata zofotokoza kusiyana kwa guia ndi extracto zingachepetse anthu obwera kudzalira pa ofesi atakalamba. Magulu anu akamayendera maboma, asamathere pa likulu pokha. Atsikireko kunyanja, ndipo tsiku lake lilengezedwe kudzera kwa mafumu, m'mizikiti ndi m'matchalitchi sabata isanakwane. Ndipo pamene munthu akulembetsedwa kachiwiri ndi dzina losiyana chilembo chimodzi, tsiku lobadwa lomwelo, mayina a makolo omwewo, pakhale wina wofunsa asanapereke nambala yatsopano.

Ifenso aphunzitsi a akuluakulu tili ndi gawo lathu, ndipo ndivomere kuti tinachedwa kuliona. Takhala tikuphunzitsa anthu kulemba dzina lawo mmene amalitchulira, osawauza kuti ayang'anenso mmene lalembedwera pa BI. Kuchokera pa ulendo uja, aphunzitsi amene ndikuwasula ndimawapatsa phunziro limodzi loonjezera. Wophunzira aliyense abwere ndi chiphaso chake, akopere dzina lake ndi tsiku lobadwa monga zilili pamenepo, kenako ayerekeze ndi khadi la kuntchito, la chisankho, ndi la kuchipatala. Amene ali ndi lisiti la malipiro abwere nalo, tipeze limodzi mzere wa INSS, tiwerengetse 3% pa bolodi. Ku Nkholongue phunziroli linatenga masiku atatu m'malo mwa limodzi, chifukwa tsiku lachiwiri kunabwera anthu amene sanali a m'kalasimo, aliyense ndi jumbo lake la mapepala.